Ndinalipira K120,000 kuti ndidzutse pulogalamu ya amalume: maphunziro a PHP a Loweruka ku Old Town

Pulogalamu yathu inafa Lolemba m'mawa, mu May, nthawi imene anthu a kudimba amabwera kudzagula mbewu ya tomato ndi kabichi. Inafa mwakachetechete. Ndinatsegula laputopu monga mwa masiku onse, kulemba adiresi, sikirini n'kungoti mbee. Ndinazimitsa, kuyatsanso, kugula bandulo ina poganiza kuti data yatha. Mbee basi.

Amalume ali ndi sitolo ya zipangizo za ulimi kufupi ndi msika waukulu wa Mzuzu: fetereza, mbewu, mankhwala a mbozi, makasu, mapampu opopera. Ine ndimasunga mabuku. Pulogalamu yowerengera katundu ndi ngongole anailemba msuweni wanga mu 2013 akadali ku Mzuni, kenako anapita ku Johannesburg, ndipo masiku ano ukamulembera uthenga amayankha pakatha masabata awiri, ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Kampani imene imatisungira pulogalamuyo pa seva (kompyuta yawo ya pa intaneti), dzina ndisunga, inati inatumiza makalata atatu ochenjeza kuti ikuchotsa mtundu wakale wa PHP, chilankhulo cha makompyuta chimene pulogalamuyo inalembedwamo. Zoona inatumiza. Ku imelo ya msuweni.

Tinabwerera ku hard cover ndi bolopeni. Amalume sanabise kukondwa kwawo. "Ndinkanena ine, mwananga. Buku silifa." Anthu awiri anabwera kudzaona vutolo. Woyamba anatchula K400,000 osatsegula n'komwe fayilo imodzi. Wachiwiri anati PHP inafa kalekale, tingoyambiranso ndi chilankhulo china, ndipo mtengo adzanena akaganiza. Ndi mlungu womwewo pamene ndinaona chipepala pa pholo la magetsi kufupi ndi depoti: maphunziro a PHP, Loweruka lililonse kwa masabata 8, kuyambira 8 koloko mpaka 1 koloko. Ndinali nditaphunzirapo pang'ono za HTML ndi database (nkhokwe imene pulogalamu imasungamo zinthu) pa dipuloma yanga, ndiye ndinati bola ndikayese. Ndemanga iyi ndi ya maphunziro amenewo.

Malo ake ndi chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala ku Old Town. Umakwera masitepe achitsulo ogwedera, fungo la labala likukuperekeza mpaka pa mpando. Amene mukudziwa June wa ku Mzuzu mukudziwa chimene ndikunena ndikati zenera limodzi silitsekeka. Tinkalemba code titavala majuzi awiri, ena magolovesi odula zala. Tinalipo 14, makompyuta 9, moti wobwera ndi laputopu yake ndiye mfumu. Ndalama ndi K120,000, amalola kulipira kawiri, pa Airtel Money kapena Mpamba. M'kalasimo munali anyamata a ku Mzuni ofuna zowonjezera, mphunzitsi wa sekondale amene ankakwera minibasi kuchokera ku Ekwendeni, mayi wina wa ku SACCO, ndi m'bale wina wosamala webusayiti ya mpingo wawo. Akazi tinali atatu.

Aphunzitsi ndi bambo wa zaka za m'ma 40, wosathamanga polankhula. Amasakaniza Chichewa, Chingerezi ndi Chitumbuka, ndipo code ikawavuta Chitumbuka ndi chimene chimatsogola. Ine ndine wa ku Dedza, Chitumbuka changa ndi cha pamsika, koma "Mwapulika?" ndinamuzolowera msanga.

Loweruka loyamba, pa 7 June 2025, ndinatsala pang'ono kukapempha ndalama yanga. Maola atatu athunthu anatha tisanalembe mzere ndi umodzi womwe. Aphunzitsi anayamba ndi kutiuza kuti mawa lake PHP ikwanitsa zaka 30, ngati kuti tabwera ku phwando. Anafotokoza za Rasmus Lerdorf, wobadwira ku Greenland, amene mu 1995 anatulutsa timapulogalamu take toti tizimuwerengera anthu otsegula CV yake pa intaneti, n'kutitcha Personal Home Page Tools. Munthuyo sankafuna n'komwe kupanga chilankhulo. Kenako Andi Gutmans ndi Zeev Suraski, ophunzira a ku Israel, anailembanso mkati mwake, n'kutuluka PHP 3 mu 1998, ndipo injini imene anadzalemba pambuyo pake, ya PHP 4, anaitcha Zend polumikiza mayina awo. PHP 4 mu 2000, PHP 5 mu 2004. Ine ndikuyang'ana wotchi, mtima uli ku sitolo kumene amalume akulemba ngongole m'buku ndi zilembo zimene amawerenga okha.

Chimene chinandiseketsa tsiku limenelo ndi chimodzi. Kwa zaka zambiri, ukalakwitsa malo ena, PHP inkakuyankha kuti T_PAAMAYIM_NEKUDOTAYIM. Ndi Chiheberi, kutanthauza timadontho tiwiri tiwiri, ndipo anachisiya momwemo anyamata a ku Israel aja. Dziko lonse linkakanda mutu ndi mawu amenewa. Aphunzitsi anati, "Ngati anzathu anaika chilankhulo cha kwawo m'kati mwa injini, inu mukuchitiranji manyazi kutcha variable, kabokosi kosungiramo nambala kapena mawu mu code, kuti ngongole?" Anatiuzanso za PHP 6, imene anthu anaivutikira zaka zingapo pofuna kuti izimva zilembo za zilankhulo zonse, mpaka anaisiya mu 2010 osaitulutsa, mabuku olembedwa PHP 6 pachikuto atasindikizidwa kale. Ndiye chifukwa chake kuchoka pa 5 anadumphira pa 7.

Ndinatuluka ndikudandaula. Ndinalakwa, ndipo ndinadziwa Loweruka lotsatira.

Anatiuza kuti aliyense abwere ndi code yakale, yake kapena ya mwini, bola ikhale yogwira ntchito kwinakwake. Ine ndinabwera ndi foda yonse ya msuweni pa flash. Anaiika pa purojekita, kalasi yonse ikuona. Anatsika nayo pang'onopang'ono, ali chete, kenako anati, "Asisi, nyumba iyi anamanga mu 2013, koma pulani yake ndi ya 2003. Onani njerwa." Anaima pa mzere wolembedwa mysql_connect. Njira imeneyi yolankhulira ndi database, anatero, eni ake a PHP anayamba kuchenjeza kuti isiyidwe mu PHP 5.5, chaka chomwecho cha 2013 chimene msuweni ankalemba. Mu December 2015, PHP 7 itatuluka, anaichotseratu. Pulogalamu yathu inapulumuka zaka zonsezi chifukwa seva inali ikadali pa 5.6, imene eni ake anasiya kuikonza kumapeto kwa 2018. Tsiku limene anatisamutsira ku 8.3, mzere woyamba weniweni unaitana chinthu chimene kulibe, ndipo popeza seva inaikidwa kuti isamaonetse zolakwika poyera, ine ndinangoona mbee.

Apa m'pamene mbiri ija inayamba kundilipira. Mzere uliwonse unali ndi chaka chake, ndipo ukadziwa chaka umadziwa chimene chinasintha pambuyo pake. Zili ngati nyumba ya agogo kumudzi: pansi zidina, pakati njerwa zowotcha, pamwamba malata a chaka chatha. Wosadziwa amangoti igwetsedwe. Wodziwa amaona khoma loyenera kusintha ndi loyenera kulisiya.

Tinawerenga malo amene msuweni analemba mysql_query. Analipo 212. Ntchito yanga ya masabata atatu otsatira inali kuwasintha onse kupita ku PDO, njira imene yakhalapo kuyambira PHP 5.1 mu 2005, kutanthauza kuti msuweni akanatha kuigwiritsa ntchito pa tsiku loyamba. Sindikumunena, anali mwana wa sukulu wokopera m'buku la ku laibulale. Koma chimene aphunzitsi anachita kenako sindidzachiiwala. Anali ndi kompyuta imodzi yakale pakona, yosalumikizidwa ku intaneti, yokhala ndi XAMPP ya makedzana, pulogalamu yoyendetsera PHP pa kompyuta yako yomwe. Anaikamo pulogalamu yathu, n'kudzuka bwinobwino ngati sinafepo. Anaitana mnyamata wina wa ku Mzuni kuti alembe timawu tochepa m'bokosi la dzina, kachizindikiro kamodzi, OR, ndi 1 wofanana ndi 1. Anadina. Pulogalamu inamulandira ngati amalume, ngongole za makasitomala onse zili poyera, ndi batani lofufutira pambali. Pasiwedi sanalembe. Kalasi inaseka, ine m'mimba munatentha. Zaka 12 chitseko chinali chongotsekedwa ndi chingwe.

Pasiwedi zenizenizo zinasungidwa ndi md5, imene aphunzitsi anati ili ngati kubisa kiyi pansi pa mphasa ya pakhomo. Anationetsa password_hash, imene inabweranso mu 5.5 momwemo. Kusintha kwake ndi mizere yosakwana 10. Ya amalume itapezeka kuti ndi chaka chawo chobadwa, sindinauze kalasi.

Ngati mukufuna chifukwa chimodzi chopitira ku maphunziro amenewa, ndi chimenechi: amaphunzitsa kuwerenga code ya munthu wina. Mavidiyo a pa YouTube pafupifupi onse amayamba ndi foda yopanda kanthu, zonse zatsopano, zonse zoyera. Koma ntchito imene ilipo ku Mzuzu kuno ndi ina. Ndi pulogalamu ya sukulu imene analemba mphunzitsi amene anasamutsidwa, ndi webusayiti ya loji ya ku Nkhata Bay imene anasiya mzungu wodzipereka, ndi ya SACCO imene mwini wake anakwera ndege. Mayi wa ku SACCO uja anabwera ndi CodeIgniter yakale, m'bale wa kumpingo WordPress yokhala ndi ma plugin 30. Palibe anabwera ndi foda yopanda kanthu kupatula anyamata a ku Mzuni.

Cholakwika chimene chinandidya kwambiri chinali chaching'ono. Nditamaliza malo 212 aja pulogalamu inadzuka, ndinavina ndekha m'sitolo. Koma risiti iliyonse ya munthu wolipira zonse inkatuluka yolembedwa kuti ali ndi ngongole ya K0. Mayi wina wa ku Chibavi anaiwerenga, n'kundifunsa mokweza kuti ngongole yake ndi iti, anthu akumva. Ndinasaka masiku anayi. Loweruka ndinapita nayo. Aphunzitsi sanandiuze yankho, anangoti, "Werengani mzere uwu mokweza, Asisi." Msuweni analemba kuti ngati zotsala zikufanana ndi mawu opanda kanthu, risiti inene kuti walipira zonse. Mu PHP yakale, nambala 0 ndi mawu opanda kanthu zinkatengedwa ngati chinthu chimodzi. Kuyambira PHP 8.0, ya November 2020, sizifanananso. Chilankhulo chinasiya ulesi wake, ndipo code yodalira ulesiwo inayamba kunama. Kukonza kwake kunali kusintha zilembo zitatu. Masiku anayi, zilembo zitatu.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo ndithu.

Intaneti ya pamalopo ndi yongotchula. Tsiku la Composer linali chipwirikiti. Composer ndi chida chimene Nils Adermann ndi Jordi Boggiano anatulutsa mu 2012, chokutengera ma library, zidutswa za code zolembedwa kale ndi anthu ena, ku nkhokwe yotchedwa Packagist ndi kukusungira mndandanda wa zimene watenga ndi mtundu wake. Aphunzitsi amati ichi ndi chimene chinasintha PHP kuposa china chilichonse, ndipo ndikuvomereza, chifukwa msuweni anali atangokopera library yopangira PDF m'foda yotchedwa zinazake, popanda wodziwa kuti ndi ya liti. Koma anthu 14 kukoka mafayilo nthawi imodzi pa ka router kamodzi, palibe chinayenda. Tinathera pa ma hotspot a mafoni athu. Pa masabata 8 ndinawononga pafupifupi K25,000 ya mabandulo imene chipepala cha pa pholo sichinatchule. Zikanatheka kukonzeratu mafayilowo pa flash, poti vuto la netiweki si lachilendo kwa aliyense wokhala mumzinda uno.

Magetsi anazima kawiri. Ulendo woyamba jenereta inalira. Wachiwiri inalibe mafuta, ndipo mwini sukulu, amene si aphunzitsi aja, anati tidikire pang'ono. Tinadikira mpaka 11 koloko tikudya mandasi, kenako tinabalalika. Loweruka limenelo silinabwezedwe, ngakhale analonjeza. Choncho masabata 8 anali 7. Pamapeto mwini yemweyo anatiuza kuti setifiketi ndi K15,000 yapadera, nkhani imene sitinaimvepo polembetsa. Ndinalipira chifukwa amalume amakhulupirira pepala lokhala ndi chidindo. Inabwera yolembedwa PPH m'malo mwa PHP.

Chodandaula chachikulu ndi Laravel. Chipepala chinalemba dzinali ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo anyamata a ku Mzuni anabwerera lomwelo, poti ndi limene limaoneka m'zotsatsa ntchito. Laravel ndi framework, maziko okonzeratu omangirapo mapulogalamu a PHP, imene Taylor Otwell anayamba mu 2011, yomangidwa pa zidutswa zambiri za Symfony, ndipo ndi yaikulu moti masabata 8 onse akanathera pomwepo. Ife tinaipatsidwa Loweruka limodzi ndi theka, mothamanga, ndi manotsi a PDF okhala ndi zithunzi za mtundu wakale, mafoda ake osafanana ndi amene ankaoneka pa makompyuta athu. Mphunzitsi wa ku Ekwendeni anasochera pa ola loyamba ndipo sanapezekenso. Ngati cholinga chanu ndi Laravel, ndalama yanu idzakupwetekani. Akanachita bwino kuichotsa pa chipepala n'kuipangira maphunziro akeake.

Ndionjezepo kuti aphunzitsi amaikonda PHP mopitirira. Mnyamata wina atafunsa ngati si bwino kuphunzira Python kapena JavaScript, anayankha ngati watukwanidwa mayi. Zimene ananena ndi zoona: WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayamba mu 2003, ndi PHP, Wikipedia imayenda pa PHP, Moodle imene masukulu ambiri a ukachenjede amaphunzitsira pa intaneti ndi PHP, ndipo owerengera a W3Techs amapeza kuti mwa mawebusayiti amene chilankhulo cha pa seva chimadziwika, pafupifupi atatu mwa anayi alionse ndi a PHP. Wonena kuti yafa sanayang'ane. Koma mnyamatayo sanafunse ngati yafa. Anafunsa za tsogolo lake iyeyo, ndipo yankho loona likanakhala lakuti zimadalira ntchito imene akufuna, poti wofuna kusanthula data adzafunika Python, ndipo JavaScript saithawa aliyense wopanga za pa browser. Mphunzitsi wabwino chotere sayenera kuchita nsanje ndi zilankhulo.

Loweruka lomaliza linali la za kutsogolo, ndipo linandikhudza mosayembekezera. Ndinkaganiza kuti atiuza za zinthu zonyezimira. Anayamba ndi nkhani ya munthu mmodzi. Kwa zaka zambiri, mbali yaikulu ya ntchito yovuta ya m'kati mwa PHP inkachitidwa ndi anthu owerengeka, mmodzi mwa iwo Nikita Popov, amene ankalipidwa ndi kampani ya JetBrains. Mu November 2021 zinalengezedwa kuti akusiya kuti akaike mtima pa ntchito ina yotchedwa LLVM. Anthu anazindikira kuti chilankhulo chonyamula gawo lalikulu la intaneti chikutsamira pa mapewa a anthu awiri atatu. Mwezi womwewo makampani angapo, kuphatikizapo JetBrains ndi Automattic ya WordPress, anakhazikitsa PHP Foundation, bungwe losonkhetsa ndalama zolipira anthu oti azisamala chilankhulocho ngati ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

Ndinakhala phee. Imeneyi ndi nkhani ya sitolo yathu ndendende. Munthu mmodzi wodziwa zonse, kenako wakwera basi ya ku Joni. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anaona msanga n'kusonkherana, ife tinadikira sikirini yoyera.

Anatifotokozera mmene zosintha zimabwerera. Wofuna chatsopano amalemba chikalata chotchedwa RFC, anthu amakangana poyera, kenako amavota, ndipo kusintha chilankhulo kumafuna mavoti awiri mwa atatu alionse. Ndi bwalo la mfumu lenileni, lochedwa, laphokoso, koma zonse zimalembedwa ndipo aliyense angathe kuwerenga chaka chisanafike. Mtundu watsopano umatuluka kamodzi pa chaka, chakumapeto, kawirikawiri mu November. Uliwonse umasamalidwa zaka ziwiri mokwanira, kenako zina ziwiri kutseka mabowo a chitetezo okha. Ndiye kuti imfa ya mtundu uliwonse ili ndi tsiku lake lodziwika. Ya 8.3, imene tili ife, ndi 31 December 2027. Ya 8.4 ndi chaka chotsatira.

Ukayang'ana kumene chilankhulochi chikulowera, njira yake ndi imodzi: chikusiya kulekerera. PHP yakale inali ngati wogulitsa wa chifundo amene amalandira chilichonse, ndalama yong'ambika, ngongole yopanda dzina. PHP 7 inalola kuti unene kuti apa pafunika nambala, apa mawu. 7.4 ya 2019 inafikitsa zimenezi m'kati mwa ma class. 8.0 inabweretsa match ndi union types, 8.1 ya 2021 ma enum (mndandanda wa zosankha zololedwa zokha) ndi readonly, 8.4 ya 2024 property hooks. Kuyambira 8.2, ukapachika property pa object imene sunailengeze, umachenjezedwa, ndipo anagwirizana kale kuti mu PHP 9 chidzakhala cholakwika choimitsa pulogalamu. Aphunzitsi anati machenjezo a deprecated, onena kuti chinthu chidzachotsedwa, ndi kalata yochokera kutsogolo, tisamawazimitse ayi, tiziwawerenga. Enum ndinaikonda pomwepo. Msuweni ankalemba mtundu wa malipiro ngati mawu wamba, ndiye m'database munali cash, Cash, kashi ndi csh, zonse chinthu chimodzi. Tsopano pali mitundu itatu yokha, ndipo wachinayi pulogalamu imakana.

Anatipatsanso PHPStan, chida chowerenga code yako osaiyendetsa n'kukuuza pamene padzaphulike. Pa level 0, yofatsa kwambiri, inandipezera zolakwika 61, kuphatikizapo tsamba lonse la malipoti limene linkaitana function yoti kulibe. Ichi chokha chikanayenera kupatsidwa tsiku lathunthu m'malo mwa Laravel wothamanga uja.

Zina za kutsogolo zinandidutsa pamwamba, osati chifukwa chovuta, koma chifukwa si za ife. JIT ya mu PHP 8 imathamangitsa masamu olemera, koma pulogalamu ya sitolo nthawi yake imathera kudikira database ndi netiweki. Liwiro limene tinalimva ife ndi la PHP 7, imene inabwera yothamanga pafupifupi kawiri kuposa 5.6, pa nthawi imene Facebook inali itapanga injini yakeyake ya HHVM chifukwa chotopa ndi kuchedwa. FrankenPHP, seva yatsopano ya Kévin Dunglas yolembedwa mu Go, aphunzitsi anaionetsa maso akuwala. Ndi yokongola. Koma imafuna seva yako yako, ndipo zambiri zotere zimalipidwa m'madola. Amene anayesapo kulipira chinthu cha madola ndi khadi la kuno miyezi imeneyi akudziwa kuti nkhaniyo imathera pati. Ambiri a ife tikhalabe pa cPanel, tsamba loyendetsera seva, ya kampani yolandira makwacha, ndipo tsogolo lathu ndi kabokosi kosankhira mtundu wa PHP kamene kali m'menemo. Ndikanakonda akanatha ola lathunthu pa kabokosi kameneka, mmene ungayesere pulogalamu pa mtundu watsopano usanadine, ndi mmene ungabwerere zikavuta. Anakathera mphindi 10.

Za AI sanazembe. Mnyamata wina anaika fayilo yanga ina yakale mu AI ya pa foni yake, ndipo m'masekondi ochepa inasintha mysql yonse kukhala mysqli, njira ina yolankhulira ndi database. Code inayenda. Iye anayang'ana kalasi ngati wagoletsa chigoli. Aphunzitsi anamupempha kuti alembenso timawu tija ta OR m'bokosi la dzina. Chitseko chinatseguka ngati kale. Makinawo anasintha njerwa n'kusiya bowo pomwe linali, chifukwa sanauzidwe za bowolo, ndipo mnyamatayo sakanawauza chinthu chimene iye sanachione. Atawafunsanso bwino, anakonza. Ine ndimaigwiritsa ntchito tsopano, makamaka pondimasulira mauthenga a zolakwika, koma ndimawerenga mzere uliwonse ndisanauike pa ndalama za amalume.

Ndiye ndani apite? Ngati muli ndi pulogalamu yakale imene mwaisiyiridwa ngati mwana wamasiye, ndipo mukudziwako pang'ono za if ndi loop, pitani, mudzabweza ndalama yanu pa Loweruka lachiwiri. Ngati simunalembepo code chibadwire, mudzavutika, chifukwa zoyambira amazidutsa mothamanga. Pa nyenyezi 5 ndikupereka 4 kwa aphunzitsi ndi 2 kwa mwini malo. Tengani laputopu yanu yodzaza moto, bandulo yanu, juzi, ndipo funsani za setifiketi musanapereke kobiri. Kiyi wa kuchimbudzi amasunga a matayala pansi, ndipo amatseka 12 koloko.

Pulogalamu yakhala ikuyenda kuyambira kumapeto kwa July. Imelo ya ku kampani ya seva ndinaisintha, tsopano makalata amabwera ku sitolo. Code ili pa GitHub, malo osungira code pa intaneti, osati pa flash ya m'thumba la jekete. Ndinatenga hard cover ya amalume, imene akuisungabe pansi pa kauntala, n'kulemba m'kati mwa chikuto ndi bolopeni yofiira: 31 December 2027. Anaiona dzulo pofunafuna ngongole ya munthu wa ku Zolozolo.

"Ichi n'chiyani, mwananga?"

"Ndi tsiku limene PHP yathu adzasiye kuisamala, amalume. Tiyenera kusamuka lisanafike."

"Ndiye kuti idzafanso?"

"Ikadzapeza tagona."

Anatseka bukulo, kuliyang'ana, kundiyang'ana ine. "Nanga iwe ukadzakwatiwa ku Karonga, adzaidzutse ndani?"

Ndinawalozera mwana wawo wamng'ono, amene anali pakhomo akumangira kasitomala thumba la fetereza pa njinga ya kabaza. Kalasi ina ikuyamba mwezi wamawa ndipo dzina lake ndalembetsa kale. Amalume akuti K120,000 ndi yambiri, apite akanene kuti ndi m'bale wake wa amene analembedwa PPH, mwina amuchotserako.